Kodi Achilles ndi Ngwazi? Vuto la Liwu Limodzi Pophunzitsa Iliad

Pophunzitsa zolembedwa za Agiriki akale m'Cinyanja, tinazolowera kumasulira liwu lakuti heros ndi liwu lathu lakuti "ngwazi". M'nkhani ino tifuna kusonyeza kuti kumasulira kotereku kumaphimba mfundo yaikulu ya Iliad, ndakatulo ya Homer ya m'zaka za m'ma 700 Yesu asanabadwe.

M'cilankhulo cathu, ngwazi ndi munthu wolimba mtima amene mphamvu zake zimapindulira mudzi, monga wopha mkango wosautsa anthu. Liwuli ndi lotamanda, n'cifukwa cake ku Malawi linasanduka dzina laulemu la Dr. Hastings Kamuzu Banda. Koma kwa Agiriki, heros anali munthu wa m'bado wamakedzana, kawirikawiri wobadwa kwa mulungu ndi munthu, amene ankamperekera nsembe pamanda pake. Ulemu umenewu sunkadalira khalidwe labwino: Heracles anapha ana ake atacita misala, koma sanaleke kukhala heros.

Taonani Achilles. Ndakatuloyi imayamba ndi liwu lotanthauza mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi wake. Agamemnon atamlanda mkazi wogwidwa kunkhondo, Briseis, iye akukana kumenya nkhondo, napempha amayi ake, Thetis, kuti akacondelere Zeus kuti Agiriki anzake agonje. Ambiri akufa cifukwa ca pempholi, kuphatikizapo bwenzi lake lapamtima, Patroclus. Pobwezera, akupha Hector, nakhwekhwereza mtembo wake kumbuyo kwa galeta. Wophunzira amene tamuuza kuti ameneyu ndi ngwazi amazunguzika, ndipo sanalakwe: ngati alipo woyenera dzinali ndi Hector, amene akufera mzinda wa Troy, mkazi wake Andromache ndi mwana wawo.

Ukulu wa Achilles ukuonekera m'gawo lotsiriza, la 24. Mfumu Priam, nkhalamba, ikulowa mumsasa wake usiku kudzapempha mtembo wa Hector, nipsompsona manja amene anapha ana ake. Achilles akukumbukira atate ake, Peleus, ndipo adani awiriwo akulira pamodzi. Ndakatuloyi ikuthera pamaliro a Hector, Troy asanagwe. Tikamucha Achilles ngwazi kuyambira paciyambi, wophunzira saona mtunda umene munthuyu wayenda kucokera ku mkwiyo kufikira ku cifundo.

Motero tilangiza aphunzitsi kuti asunge liwu lakuti heros ndi kulilongosola, ndipo funso lakuti ngwazi ndani m'ndakatuloyi aziwasiyira ophunzira atatha kuwerenga.