Dothi ndi Kumwamba mu Ndakatulo ya Rupert Brooke

Chakumapeto kwa 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangobuka, Rupert Brooke analemba The Soldier, ndakatulo ya mizere 14. Wolankhula ndi msilikali woganizira imfa yake: akadzaikidwa kudziko lachilendo, manda akewo adzasanduka kachigawo ka England. Ife amene makutu athu anakulira pa kasida, momwe liwu limodzi lomalizira limamanga ndakatulo yonse, tiyenera kuzolowera kaye kamangidwe kena.

Mzere uliwonse uli ndi maphatikizo pafupifupi khumi, lopepuka kenako lolemera, kasanu. Ndi mayendedwe a munthu wosafulumira, ndipo mlakatuliyu sawasokoneza kawirikawiri. Pa nkhani ya imfa ya mnyamata, bata lotereli likutikayikitsa. Mulibe magazi, mulibe mfuti, mulibe mayi wolira.

M'mizere 8 yoyambirira mathero amayankhana modumphana, woyamba ndi wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi, monga ankachitira Shakespeare. Gawo limeneli ndi la thupi: dothi, maluwa, mitsinje ndi dzuwa la kwawo. M'mizere 6 yotsalayo mathero amadikirana mizere itatu, potsata Petrarch wa ku Italy. N'zoseketsa pang'ono kuti ndakatulo yotchula England kanayi ndi English kawiri ikumalizira pa chimango chobwereka. Apa nkhani ikuchoka pa thupi kupita ku mzimu, ndipo ndi pomwe luso lake likuoneka, pomwenso ife tikusiyana naye. Liwu lotsiriza ndi heaven, loyankha given. Awiriwa sagwirizana ndendende, ndipo onse amathera pa phatikizo lopepuka, choncho ndakatulo imazilala ngati mpweya wa munthu wogona tulo. Khutu likatonthozedwa chotere, silifunsanso kuti zatheka bwanji kumwamba kukhala kwa mtundu umodzi wa anthu.

Dzina la Britain silitchulidwa n'komwe. A ku Scotland, a ku India, ngakhale asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland amene chipilala cha ku Zomba chimawakumbukira, anafera mfumu yomweyo, koma m'mizere 14 imeneyi alibemo malo. Brooke mwiniwake anamwalira ndi matenda pa 23 April 1915 ali pa ulendo wa ku Gallipoli, ndipo anaikidwa pa chilumba cha Skyros ku Greece.