Za Mabuku a King's Gambit

Mnyamata wa kuno kwa Kachindamoto, wozoloŵera bawo, akayamba chesi sachedwa kukonda chiyambi chotchedwa King's Gambit. M'menemo mwini zoyera apereka dala kamsilikali kake pa f4, monga msodzi wa ku Mtakataka ataya usipa pofuna kampango. Koma ndalama za mpunga nzosoŵa: agule buku liti?

La John Shaw, la 2013, lili ndi masamba oposa 600. Ndi la akatswiri. Wophunzira wa pamudzi adzasokera m'njira zake asanafike pakati. Lotiyenera ife ndi laling'ono la Joe Gallagher, Winning with the King's Gambit, pakuti lionetsa maseŵera athunthu ndi kumasulira maganizo ake, kotero kuti munthu akhoza kulitsata yekha madzulo. Chilema chake nchakuti likondera zoyera, ndiponso lidalembedwa makompyuta asanakule mphamvu.

Chifukwa chake muŵerengenso zimene Bobby Fischer adalemba mu 1961, atagonja kwa Spassky mu 1960. Iye adati chiyambichi nchowola, nalangiza zakuda kuyankha d6 kavalo akatuluka pa f3. Komabe Fischer yemweyo adachiseŵera pambuyo pake ali ndi zoyera, napambana.