Za Kulalikira ndi Mau Oloweza Pamtima

Tsiku lina la Sabata ndinakapemphera m'kachisi wina wa kumapiri a Misuku, m'dziko la Chitipa, limene kale linatchedwa Fort Hill. Mlaliki anaimirira wopanda Buku m'dzanja lake, nayamba kutchula mavesi pamtima, a Yesaya, a Masalmo, a Aroma, monga madzi otsika paphiri m'nyengo ya dzinja. Anthu onse anazizwa. Titatuluka ndinafunsa amai ena okalamba kuti, "Amai, mwamvapo chiani lero?" Iwo anati, "Bambo aja Buku alidziwa ndithu." Ndipo nditafunsanso chimene anawaphunzitsa, anangokhala chete. Pamenepo mtima wanga unalemera.

Tisanyoze kuloweza. Mau osungika mumtima sadyedwa ndi chiswe, ndipo atonthoza wodwala usiku popanda nyali, ndi nkhalamba imene maso ake achita khungu. Ambuye wathu yemwe anayankha woyesa uja m'chipululu ndi mau a m'Deuteronomo, wopanda buku pafupi. Koma tikumbukire kuti woyesayonso anatchula Salmo 91 pamtima. Chotero kutchula kokha sikutsimikiza kuti munthu walalikira choonadi.

Cholakwa choyamba ndi ichi: mavesi otoledwa apa ndi apo ataya tanthauzo lao. Aneneri ndi atumwi sanalembe manambala. Mavesi a Chipangano Chatsopano monga tiwawerenga ife anagawidwa ndi wosindikiza mabuku, Robert Estienne, m'chaka cha 1551, kuti tipeze malo msanga, si kuti tidule nthambi kuichotsa pamtengo wake ai.

Chachiwiri ndi chinenero. Buku Lopatulika lonse linatuluka m'Chinyanja m'chaka cha 1922, ndi m'Chitumbuka m'chaka cha 1957. Koma ana a ku Chitipa ayamwa Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha ndi zinenero zina. Mlaliki wathu uja anathamanga ndi Chitumbuka, osaima kumasulira ngakhale liu limodzi. Sanatero Ezara. Pa Nehemiya 8 timva kuti powerenga chilamulo, Alevi anatanthauzira anthu kufikira anazindikira. Filipo nayenso, pa Machitidwe 8, anapeza Mwaitiopiya ali ndi mau a Yesaya pakamwa, koma wosowa womtsegulira.

Mawere a m'nkhokwe ndi chuma, koma mlendo wanjala simumpatsa mawere osapera. Ayenera kupunthidwa, kuperedwa pamphero, ndi kuphikidwa. Mlaliki wotchula mavesi makumi anai osamasulira waonetsa kukula kwa nkhokwe yake, nabweza nkhosa ndi njala. Ndipo choopsa nchakuti anthu atamanda mutu wa mlaliki, naiwala Mwini mau.

Tsono inu alaliki ndi akulu a mpingo, lowezani ndithu, koma chitani motere. Sankhani ndime imodzi. Tsegulani Buku pamaso pa anthu, nimunene pamene yalembedwa, kuti odziwa kuwerenga akafufuze kwao monga anachita a ku Bereya. Imasulireni m'chinenero cha pamudzi, nimuifikitse pa munda, pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Ndi ife akumva, tisafunsane kuti mlaliki anatchula mavesi angati, koma tifunsane kuti tapita nalo liti kunyumba loti tilichite.