Lilime la Mlendo: Masiku Oyamba a Wophunzira wa mu Afrika m'Mizinda ya ku Ulaya

Mau Oyamba

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pamene achinyamata ambiri a mu Afrika adayamba kuoloka nyanja kukaphunzira ku London ndi ku Paris, alembi athu akhala akubwerera kawirikawiri ku chithunzi chimodzi: wophunzira watsika m'sitima kapena m'ndege, sutikesi ili m'manja, ndipo mzinda waukulu uli patsogolo pake. Ozukuta mabuku akafika pa chithunzi chimenechi amakonda kutchula chisanu, nyumba zosanja ndi tsankho. Zonsezi zilimo ndithu. Koma ife tifuna kuonetsa kuti chiyeso chachikulu cha masiku oyambawo chagona pa chiyankhulo, ndi kuti alembi amene adachiona bwino chiyesochi adachilemba m'chiyankhulo cha mzinda womwewo umene udasautsa mlendoyo. Pamenepa pali phindu, palinso chotayika.

Si mlembi aliyense amene amaima pa masiku amenewa. Legson Kayira wa ku Malawi, amene adanyamuka wapansi mu 1958 nakafika ku Khartoum, kenaka ku Skagit Valley College ku America mu 1960, adathera mphamvu zambiri za buku lake, I Will Try (1965), pa za m'njira. Kwa iye kufika ndiyo mphotho ya ulendo. Alembi anayi amene tasankha, Cheikh Hamidou Kane, Ama Ata Aidoo, Wole Soyinka ndi Chinua Achebe, amaona kufika monga poyambira mlandu.

Mzinda Wopanda Mapazi

Mu L'Aventure ambiguë (1961), Kane wa ku Senegal asimba za Samba Diallo, mwana wa banja lachifumu la Adiallobé, amene achotsedwa pa sukulu ya Korani nalowa sukulu ya Chifalansa, mpaka akafika ku Paris kukaphunzira filosofi. Chochititsa chidwi n'chakuti mantha a tsiku loyamba m'mzinda wa Azungu Kane sanawaike m'kamwa mwa Samba. Adawapereka kwa munthu wina amene anthu amamutcha wamisala, yemwe nayenso adakakhalako kutsidya kwa nyanja. Ameneyu ndiye afotokoza za msewu wouma wa phula, phokoso la nsapato zolimba ndi mtsinje wa magalimoto, nati adafunafuna phazi la munthu koma osaliona.

Tiganiza kuti Kane adagawa wophunzira wake pawiri. Samba ali ndi Chifalansa chosalala, ndipo ku Paris timpeza pa gome la mbusa ndi pakati pa anzake ophunzira akutsutsana nao za Mulungu ndi za ntchito. Chiyankhulo cha kusukulu chimlola kutsutsa, koma sichimlola kulira. Mantha enieni ayenera kutuluka mwa munthu amene sawerengedwanso m'gulu la anzeru. Ndipo pomaliza pa bukuli, wamisala yemweyo ndiye apha Samba.

Kutchulidwa Dzina Lachilendo

Aidoo wa ku Ghana, mu Our Sister Killjoy (1977), atumiza mtsikana wophunzira, Sissie, ku Germany pa ulendo wolipiriridwa, kenaka ku London kumene akumana ndi ophunzira a mu Afrika osafuna kubwerera kwao. Atangofika ku Frankfurt, Sissie amva mayi wina akuuza mwana wake m'Chijeremani kuti uyo ndi mtsikana wakuda. Sissie acheukacheuka kufuna wonenedwayo, nazindikira kuti ndi iye mwini. Mau oyamba a mzindawo onena za iye si moni; ndi dzina limene ampatsa popanda kumfunsa, m'chiyankhulo chimene iye angochimva pang'ono.

Mwa alembi anayiwa, Aidoo ndiye adalimbana kwambiri ndi chida chake. Chingerezi chake achidula-dula, mwina ndime wamba, mwina mizere ya ndakatulo. Mayi wa Chijeremani amene apalana naye ubwenzi, Marija, ndiye ayankhula Chingerezi chopunthwa, chimene mlembi achilemba monga momwe chimvekera, pamene Sissie ayankhula mosadodoma. Motero Mzungu ndiye asanduka mlendo pa tsamba la bukulo. Ndipo m'kalata imene ili kumapeto, Sissie adandaula poyera kuti akakamizika kulembera wokondedwa wake m'chiyankhulo cha eni. Aidoo sabisa bala limeneli, ndipo chifukwa chake ife tikhulupirira buku lake.

Kutsitsa Mau m'Basi

Mu No Longer at Ease (1960), Achebe sasimba tsiku ndi tsiku za moyo wa Obi Okonkwo ku England. Atiuza kuti anthu a kwao ku Umuofia adamsonkhera ngongole ya mapaundi 800 kuti akaphunzire zamalamulo, koma iye adakasankha maphunziro a Chingerezi. Pa zochepa zimene Achebe atchula za ku London, chachikulu n'cha chiyankhulo. Obi amakondwa kwambiri akapeza wophunzira mnzake woyankhula Chiigbo m'basi. Koma akakumana ndi wa ku Nigeria wa mtundu wina, amene sangamvane naye popanda Chingerezi, amatsitsa mau, kuopa kuti eni Chingerezicho angayese kuti anthu awa alibe chiyankhulo chaochao.

Ife a m'chigawo chino sitifunika kumasuliridwa manyazi amenewa. Mchewa ndi Mshona, kapena Mbemba ndi Mzulu, akakumana pa siteshoni ku London, ubale wao uonekera pankhope, koma ukafika pakamwa udzera m'chiyankhulo cha mwini mzinda. Ngakhale msonkhano wa ziyankhulo za mu Afrika kawirikawiri umayendetsedwa m'Chingerezi. Obi tili naye pakati pathu.

Soyinka, amene adaphunzira ku Leeds kuyambira 1954 mpaka 1957, aonetsa mbali ina ya nkhani yomweyi m'ndakatulo yake yotchuka, Telephone Conversation. Munthu wa mu Afrika afuna chipinda cha lendi, ndipo ayankhula ndi mayi mwini nyumba pa telefoni. Za mtengo agwirizana. Chingerezi chake n'chabwino kotero kuti mayiyo sadziwa kuti ayankhula ndi yani, mpaka mlendoyo aulula yekha kuti ndi wa mu Afrika. Pomwepo mayiyo afunsa kuti kodi khungu lake n'lakuda motani. Apa chiyankhulo chimene sukulu ya atsamunda idalonjeza kuti chidzatsekula zitseko zonse chagwira ntchito yake bwino lomwe, koma chitseko chikhalabe chotseka.

Chimene Chimatayika

Tsono tifike pa mfundo yathu yaikulu. M'zolemba zonsezi, maganizo a mlendo ndi mau a mzinda zalembedwa m'chiyankhulo cha ku Ulaya. Wowerenga auzidwa kuti pali mpanda pakati pa ziwirizi, koma iye sagunda pa mpandawo. Tipereke zitsanzo zitatu za m'Chichewa.

Choyamba ndi liu lakuti "mlendo". Kwa ife liu limeneli litanthauza wapaulendo, wosadziwika ndiponso wodzacheza amene timphera nkhuku. Matanthauzo atatuwa akhala m'nyumba imodzi, kotero kuti wosadziwika ali kale ndi gawo la ulemu wa wodzacheza. Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, kutilangiza kuti timsamale pa kanthawi kochepa kamene ali nafe. Chingerezi chili ndi liu losiyana pa tanthauzo lililonse. Wophunzira wafika akuyembekeza kukhala mlendo wa mtundu wachitatu, napeza kuti mzinda wamuika m'gulu lachiwiri. Buku la Chingerezi lifuna ndime yathunthu kuti lifotokoze zimenezi. La Chichewa lingaziike m'liu limodzi.

Chachiwiri ndi moni ndi odi. Kwathu munthu salowa pakhomo popanda odi, ndipo safunsa njira asanafunse za moyo. Wophunzira amene wakhala m'sitima ya pansi pa nthaka, mapewa akukhudzana ndi anthu osampatsa moni, amva chete ameneyo monga chipongwe. Wowerenga wa ku London saona chachilendo m'chete wotere, pakuti ndiwo ulemu wa kwao.

Chachitatu ndi "iwe" ndi "inu". Chifalansa ndi Chijeremani zimasiyanitsa mau awiriwa, koma Chingerezi cha masiku ano chili ndi liu limodzi lokha. Womasulira ndakatulo ya Soyinka m'Chichewa ayenera kusankha: kodi mayi mwini nyumba uja anene kuti "iwe" kapena "inu"? Akati "iwe", chipongwe chaonekeratu, ndipo mayiyo asanduka munthu wamwano wamba. Akati "inu", funso lonyoza lija lituluka litavala ulemu, ndipo ululu wake ukula. Ife tisankha "inu", pakuti Soyinka amjambula mayiyo monga munthu wodziyesa woleredwa bwino. Koma taonani kuti Chichewa chatikakamiza kuweruza mlandu umene Chingerezi chimalola kuuzemba. Kumasulira kotere n'kuzukuta kale.

Mau Omaliza

Ziyankhulo za m'chigawo chathu si zachilendo pa nkhani ya kufika m'mzinda. Mu 1950 C.L.S. Nyembezi adalemba m'Chizulu Mntanami! Mntanami!, za mnyamata wothawira ku Johannesburg, ndipo m'Chichewa mau ngati "mtchona", "Joni" ndi "Halale" asenza mbiri ya mibadwo ya amuna amene adatsika sitima m'mizinda ya eni. Zida zilipo. Komabe nkhani ya wophunzira wa kutsidya kwa nyanja yamveka kwambiri m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ngati kuti munthu akaloza ku yunivesite chiyankhulo cha amake chimatsalira pa bwalo la ndege.

Sitikuchepetsa alembi anayiwa. Iwo adasankha chiyankhulo chofika kutali, ndipo n'chifukwa chake ife a kummwera tawawerenga. Pempho lathu lipita kwa omasulira ndi alembi a ziyankhulo zathu: amasulire zolemba zimenezi, ndipo alembenso zao, m'mene wophunzira aganiza m'Chichewa, m'Chishona kapena m'Chibemba pamene mzinda umuyankha m'Chingerezi. Pamenepo wowerenga wa kwathu adzagunda yekha pa mpanda uja, ndipo makolo amene adagulitsa ng'ombe kuti mwana akwere ndege adzamva m'chiyankhulo chao zimene mwanayo sanalembe m'makalata ake.