Rufunsa wa pa Windo la Basi

Mavidiyo a maulendo adzaza m'mafoni mwathu. Mnyamata wa ku Kanyama amene sanafikepo ngakhale ku Kafue amaudziwa msika wa usiku wa ku Bangkok, amadziwa zimene amadya m'mawa ku Hanoi, ndipo angakuuzeni mwezi woyenera kupita ku Bali kuti mvula isakupezeni. Palibe choipa pamenepo. Amene alibe ya tikiti amaonera pa foni. Nkhani yanga ili pa ana amene mavidiyowa abereka kuno kwathu: achinyamata a mu Lusaka amene amatenga foni, n'kukwera galimoto, n'kulowera msewu wa Great East kukajambula zimene amazitcha malo obisika a ku Rufunsa. Ndaonera ambiri pa TikTok, pa Facebook ndi pa YouTube. Ambiri mwa iwo atengera kavalidwe ka makolo awo a ku Asia, nzeru n'kuzisiya komweko.

Tiyambe ndi makolowo. Mark Wiens, wa ku America wokhala ku Bangkok, amaoneredwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo chimene aliyense amamukumbukira nacho ndi nkhope: akaluma chakudya amatong'ola maso n'kupendeketsa mutu. Nkhope imeneyo anyamata athu aiphunzira bwino, ena mpaka kumuposa mwini wake. Koma onerani vidiyo yake imodzi mpaka kumapeto. Asanalume amakhala atakuuzani dzina la chakudyacho m'chilankhulo cha eni ake, zimene athiramo, amene waphika ndi kumene mungamupeze. Ku Bangkok komweko kuli mayi wokalamba wotchedwa Jay Fai amene amakazinga mazira ndi nkhanu pa moto wa malasha, atavala magalasi otchinga utsi. Mu 2017 buku la Michelin, limene limagamula za malo odyera apamwamba padziko lonse, linamupatsa nyenyezi. Mu 2020 bungwe la UNESCO linaika kadyedwe ka m'misika ya ku Singapore pa mndandanda wa miyambo yofunika kuisunga. Ulemu wotero sunagwe kumwamba ngati mvula. Anthu akhala akulemba za ophika amenewa kwa zaka zambiri, akuwatchula maina, akukangana za amene amaphika bwino kuposa mnzake.

Tsono bwerani ku Rufunsa. Boma limeneli ndi laling'ono pa zaka: linadulidwa kuchoka ku Chongwe mu 2012, nthawi ya a Michael Sata. Ambiri a ife timalidziwa pa windo la basi yochokera pa Intercity kupita ku Petauke, ku Katete, ku Chipata kapena ku Lundazi, ndipo nthawi zambiri timadutsapo tili mtulo, chifukwa tinadzuka tambala asanalire. Mabuku a alendo akunja, monga lija la Bradt lolembedwa ndi Chris McIntyre, amalembera munthu amene mtima wake uli kale ku njovu za ku South Luangwa. Kwa munthu wotero msewu uwu ndi mtunda woti uthe basi, ndipo sindimuimba mlandu. Chondidabwitsa n'chakuti mwana wa ku Chawama, amene agogo ake mwina anabwera mu Lusaka kudzera msewu womwewu, amauona ndi maso a mlendo yemweyo.

Pa Chinyunyu ndi pamene pamaonekera bwino vutoli. Akasupe a madzi otentha amenewa ali pafupifupi makilomita 90 kuchoka mu Lusaka, pambali penipeni pa msewu. Vidiyo yake imayenda mofanana pafupifupi nthawi zonse: nthunzi, chala choviika m'madzi, mfuu, nyimbo ya amapiano, kenaka chithunzi cha gulu lonse atakweza zala ziwiri. Yatha. Wojambula sakuuzani chifukwa chimene madziwo amatenthera, pamene nkhani yake ndi yosavuta ndi yokoma: madzi a mvula amalowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya miyala, kumeneko amatenthedwa ndi miyala yotentha, n'kukweranso msanga asanazizire. Dera lonseli, kufikira ku zigwa za Luano ndi Luangwa, ndi dziko long'ambika pansi. Sakuuzaninso kuti waima m'dziko la Asoli, kwa Mfumu Bunda Bunda, kumene amachita mwambo wa Chibwela Kumushi wokumbukira kubwerera kumudzi anthu akatha kukolola. Ndipo anthu amene amabwera kudzapemphera ndi kudzatunga madziwo m'zigubu amaoneka kumbuyo kwa chithunzi ngati mitengo, osafunsidwa ngati akufuna kuonekera kwa anthu zikwi.

Nanga mawu akuti obisika? Obisika kwa yani? Malo amene amayi amachapirako tsiku ndi tsiku, amene kondakitala aliyense wa basi ya kum'mawa amawadziwa, sangakhale obisika chifukwa chakuti iwe wa ku Kabulonga wawaona lero. Mawu amenewa anatengedwa athunthu m'mavidiyo akunja, ndipo amamuika wojambula pa mpando wa David Livingstone, wotulukira mathithi amene eni ake anawatcha kale Mosi-oa-Tunya.

Malangizo othandiza pa Chinyunyu akanatenga masekondi ochepa chabe. Fikani m'mamawa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene nthunzi imaoneka bwino. Ana musawalole kufika potulukira madzi, chifukwa amawotcha; kusewera ndi kumunsi kumene azizirako. Munthu wopemphera kapena wosamba mupempheni musanaloze foni. Mabotolo ndi mapepala a chakudya bwererani nawo.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi malasha. Kuchoka pa Chongwe kupita kum'mawa, matumba a malasha andanda m'mbali mwa msewu ngati asilikali, ndipo malole odzaza mpaka kupendekeka amakudutsani akulowera ku Lusaka. Ojambula athu amachita ziwiri. Ena amatembenuza kamera kuti aonetse mapiri okha, chifukwa matumba akuda akuipitsa chithunzi. Ena amaima, n'kugwedeza mutu, n'kunena ndi mawu achisoni kuti anthu akumudzi akutha mitengo. Onse awiri akunama, ndipo wachiwiriyu akunama moposa. Malasha amenewo akupita kuti? Akupita pa mbaula ya amayi ake a wojambulayo ku Matero, ku Mtendere, ku Garden. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi a ku Kariba, pamene a Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, magetsi ankasowa pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo ngakhale nyumba za kumayadi zinagula mbaula. Nsima imene tinadya chaka chimenecho inapsa ndi mitengo ya m'madera ngati Rufunsa. Mlendo wa ku Germany angadutse pa matumba amenewo n'kumva chisoni cha munthu wopanda mbali. Mwana wa mu komboni alibe ufulu umenewo. Iye ndi kasitomala. Ndipo apa ndi pamene wolemba wa kwathu akanamuposa mlendo aliyense, chifukwa amadziwa mtengo wa thumba pa msika wa Soweto, angathe kufunsa mtengo wake pa msewu, n'kutsata kuti ndalama yapakati yalowa m'thumba la yani. Angathe kufunsa wowotcha kuti uvuni umodzi umamutengera masiku angati, ndi kuti chimanga chinachita bwanji chaka chino. Nkhani imeneyo sindinaionebe pa foni yanga. Jay Fai uja analandira nyenyezi akuphika pa malasha. Ife malasha timachita nawo manyazi pa kamera, madzulo n'kukawagula.

Pali nkhani ya chilankhulo, imene owerenga magazini ino iyenera kutikhudza. Mavidiyo ambiri amalankhula Chingelezi kwa woonera, Chinyanja n'kuchisungira potsitsa mtengo ndi poseka ndi wogulitsa. Ndiye kuti Chingelezi ndi cha nzeru, Chinyanja ndi cha nthabwala. Zotsatira zake n'zakuti chakudya chilichonse chimakhala ndi mawu awiri kapena atatu omwewo, amene angakwanire pa pitsa, pa chikanda ndi pa nsapato zatsopano. Pomwe Chinyanja chili ndi nkhokwe. Madzi a pa Chinyunyu angati bwatabwata, nthunzi ili tolotolo. Nsomba youma bwino imati gwa, yoola mkati imati fwafwa ukaisindikiza. Funsani akuluakulu amene ankamvera Julius Chongo pa wailesi m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970: analibe kamera, koma anthu ankaona. Komabe tisadzitame msanga ife a Chinyanja. Eni nthaka ya Rufunsa ndi Asoli, ndipo Chinyanja chathu cha m'tauni nachonso chawakankhira pambali. Wojambula amene angafunse gogo wa pa Chinyunyu dzina la phiri kapena la chipatso m'Chisoli, n'kulisiya kuti limveke, wachita ntchito yoposa amene wagula drone.

Za msewu weniweniwo amanena zochepa, ngakhale ndi zimene zingapulumutse moyo. Ukapitirira Rufunsa ndi Mpanshya, kumene kuli chipatala cha mishoni cha St Luke's, msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekela. Malole a ku Malawi ndi ku Chipata amatsika pamenepo mabuleki akununkha, ndipo ngozi zake zimamveka kawirikawiri pa nkhani. Dutsani kukuwala. Mafuta dzazani pa Chongwe. Tengani ndalama za m'manja, chifukwa m'mapiri netiweki imabwera n'kupita ndipo ndalama za pa foni zingakusiyeni mutanyamula katundu wa eni. Mavidiyo amakonda kuonetsa makhotawo ali pa liwiro, nyimbo ikugunda, dzanja lili kunja kwa windo.

Kumapeto kwa zonse kuli msika wa pa Luangwa Bridge, pafupifupi makilomita 230 kuchoka mu Lusaka, pamene msewu wopita ku Feira umapatukira kum'mwera. Mlathowo unatsegulidwa mu 1968, ndi wolendewera pa zingwe zachitsulo, ndipo amaulondera. Musajambule musanafunse ovala yunifomu. Tsidya lake ndi chigawo cha Kum'mawa. Apa ndi pamene pakanakhala Bangkok wathu: milu ya nsomba zouma, zina zowamba pa moto pomwepo, madengu, mphasa, mipando yoluka, ndi fungo limene limalowa m'basi khomo lisanatseguke. Koma taonani chimene chimakhala mutu wa vidiyo. Ndi kutsitsa mtengo. Mnyamata wovala nsapato za ndalama zoposa nsomba zonse za pa tebulo amalimbana ndi mayi wa msinkhu wa amake, amachoka ngati wakwiya, amabwerera, kenaka amayang'ana kamera monyadira kuti wamugonjetsa. Kunenerera ndi mwambo wa msika, tonse timachita, ndipo amayi a pamenepo si ana. Koma kuchita seŵero ndi phindu la munthu kuti upeze oonera, dzina lake osalifunsa, ndi khalidwe limene tikanalitukwana akanalichita mzungu.

Mayi yemweyo akanafunsidwa bwino akanaphunzitsa woonera zambiri. Akanasiyanitsa pende, mcheni ndi mlamba, n'kunena imene imafuna kuviikidwa nthawi yaitali ndi imene imakoma ndi nsinjiro. Akanaonetsa poyang'ana: kutsegula m'makha ndi m'mimba kuona ngati mulibe tizilombo, kununkhiza ngati ndi utsi kapena chivundi. Akanakumbutsa kuti boma limatseka usodzi chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, kotero woyenda pa Khirisimasi asadabwe akapeza msika wasintha, kapena akafunsidwa pa chipata cha apolisi za nsomba zimene wanyamula. Msewu wonsewu uli ndi kalendala yake. M'chilimwe mupeza masau ndi mabuyu. Mvula ikayamba kumabwera masuku, kenaka bowa m'mabeseni, ndipo bowa gulani kwa amayi oudziwa, musakazule nokha chifukwa mwaona wofanana nawo pa intaneti. Vidiyo yojambulidwa mu Ogasiti yonena kuti izi ndizo zimapezeka pa Great East yanena za mwezi umodzi chabe.

Sindikufuna kuwalanda zonse anyamata ndi atsikana amenewa. Atulutsa anthu mu Lusaka amene ankaganiza kuti ulendo ndi Livingstone kapena Siavonga basi. Aonetsa kuti gulu la anzanu lingasonkhe ya mafuta, n'kupita pa Chinyunyu Loweruka n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Atsikana oyenda okhaokha alimbitsa mtima anzawo. Ndipo m'mavidiyo ena muli timphindi tabwino kwambiri, kawirikawiri tolowa mwangozi: wojambula waiwala kudula, wogulitsa uchi wayamba kufotokoza kusiyana kwa uchi wa nyengo ino ndi wa nyengo yapita, kapena mwana akukonza katchulidwe ka dzina la mudzi wake. Pamenepo foni imakhala chete, Rufunsa n'kulankhula kwa masekondi khumi, nyimbo isanabwererenso.

Pafupifupi onse amatsata phula. Koma boma la Rufunsa ndi lalikulu kuposa mzere wakudawo. Kum'mwera kuli mapiri otsikira ku nkhalango ya Lower Zambezi. Kumpoto kuli njira yafumbi yopita kwa Shikabeta, kufupi ndi mtsinje wa Lunsemfwa, kumene Asoli a kumeneko amachita mwambo wa Nkomba Lyanga. Ulendo umenewo umafuna galimoto yolimba, nyengo yopanda mvula, ndi kuyamba mwakaonekera kwa a nduna musanatulutse foni m'thumba.