Nyimbo yokana kuthera pamanda

M'chaka cha 1864 William Walsham How, wansembe wa mpingo wa Angilikani ku Whittington m'dera la Shropshire, anatulutsa nyimbo ya Tsiku la Oyera Onse yotchedwa For All the Saints. Kwa zaka zambiri inkaimbidwa ndi chuni cha Joseph Barnby, chokoma ndithu koma choyenda ngati anthu operekeza maliro. Mu 1906 Ralph Vaughan Williams anaipekera chuni china, Sine Nomine, m'buku la The English Hymnal. Ine ndimati iyeyu ndiye anamvetsa zimene How ankanena.

Luso la How lili m'kasanjidwe ka ndime. Akuyamba ndi oyera amene anapuma ku ntchito zawo, akubwera kwa ife amene tidakali kulimbana, kenako akutifikitsa ku madzulo, ku mpumulo wa m'Paradaiso. Olemba ambiri akadathera pomwepo, poti woferedwa watonthozeka kale. Iye akupitirira. Kutsogolo kwa madzulo aja kuli m'mawa wina, pamene akufa adzauka ndipo mitundu yonse idzasonkhana. Ichi ndicho chiphunzitso cha mpingo wake: womwalira akupuma mwa Khristu, inde, koma chiyembekezo chenicheni ndi kuuka kwa thupi, monga amavomerezera m'Chikhulupiriro cha Atumwi.

Tamverani mmene Vaughan Williams anachigwirira. Limba limayamba lokha ndi liwu limodzi lapansi, oimba nkulowa pambuyo pake, moti mpingo umayamba uli kale paulendo. Pansi pa chuni besi imangoponda, phazi ndi phazi, osaima. Ndime zitatu zoyamba onse amaimba liwu limodzi. Zitatu zapakati, zokamba za chiyanjano cha amoyo ndi omwalira, za kulema pankhondo ndi za madzulo aja, anazigawa m'mawu anayi, ndipo nyimbo imafewa, imapuma. Ikafika ndime ya kuuka, onse amabwereranso pa liwu limodzi ndipo kuponda kuja kumayambiranso. Ngakhale wosamva Chingerezi amazindikira kuti mpumulo unali wapanjira chabe.

Pali pena pomwe sindimugwadira How. Mawu a asilikali, nkhondo ndi chipambano anachulutsa, ndipo mayi woferedwa mwana sadziona ngati msilikali. Chimene chimapulumutsa nyimboyi ndi choti imavomera kuti ife otsala ndife ofooka, manja amalema.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kudula ndime. How analemba ndime 11, buku la 1906 linasunga 8, ndipo m'matchalitchi ambiri amadumphanso zina pofuna kusunga nthawi. Akachotsa ndime ya madzulo, kuuka kumabwera mwadzidzidzi, kopanda kudikira. Akachotsa ya kuuka, akufa amasiyidwa ali chigonere. Woimbitsa kwaya amene nthawi yamuchepera ndi bwino afulumizeko mayendedwe a nyimbo, poti chunichi chimalola, koma ndime ziwirizi aziimbe motsatizana.