Ukonde wa pa Pearl Harbor mu lipoti la Roberts

Lipoti limene bungwe la Owen Roberts, woweruza wa khoti lalikulu la America, linapereka mu Januwale 1942 limadziwika ndi mayina awiri: Husband Kimmel ndi Walter Short, akuluakulu a asilikali amene anawasenzetsa mlandu wonyozera udindo. Koma mkati mwake muli kandime kakafupi kokamba za ukonde wachitsulo umene unkatchinga khomo la doko la Pearl Harbor, ndipo kandimeka kakuyenera kuwerengedwa mofatsa.

Kamayamba ndi chizolowezi. Ukondewo ankautseka usiku wokha, poganiza kuti masana sitima yoyenda pansi pa madzi ingaoneke isanalowe. Kenako pakubwera nthawi ziwiri. Pa 7 Disembala 1941 ukonde unatsegulidwa 4:58 m'bandakucha kuti zilowe sitima ziwiri zochotsa mabomba otcheredwa m'nyanja, ndipo unakhala chitsegukire mpaka 8:40. Olemba lipoti akungondandalika nthawizi ngati akudzaza kaundula, osadabwa, osafunsa. Kuwerengera kwasiyidwa m'manja mwa wowerenga: maola atatu ndi mphindi 42. Ndege za Japan zinayamba kuponya mabomba cha m'ma 7:55, kutanthauza kuti doko linayaka moto kwa mphindi 45 khomo lake lili pululu.

Kulemera kwa nthawizi kumamveka tikaziika pambali pa zimene zinkachitika kunja kwa khomolo. Sitima ya Condor, imodzi mwa ziwiri zimene anazitsegulira, inali itaona kale chinthu chokayikitsa m'madzi 4 koloko isanakwane. Cha m'ma 6:45 sitima ya Ward inawombera ndi kumiza kasitima ka pansi pa madzi ka anthu awiri, n'kutumiza uthenga kumtunda 7 koloko isanakwane. Uthengawo unayenda pang'onopang'ono m'maofesi, akuluakulu akufuna kuutsimikizira kaye, ukonde uli chitsegukire. Pamene lamulo lotseka linkafika, kasitima kena kanali kale mkati, ndipo sitima ya Monaghan inakagunda n'kukamiza m'dokomo mphindi zochepa pambuyo pake. Kunali kutseka khola fisi atalowa kale.

Chimene chikundiwawa m'kandimeka n'chakuti mulibe munthu. Ukonde unatsegulidwa, unasiyidwa, unatsekedwa, koma amene ankagwira zingwe sakuoneka. Ukonde wotere sunali chinthu chopepuka. Unali waya wolukidwa, wopachikidwa pa migolo yachitsulo yoyandama ndi kumangiriridwa pansi ndi anangula. Gawo lake limodzi linali chitseko chokokedwa ndi makina. Panali sitima zimene ntchito yake inali yokhayi, yotchera, kukweza ndi kukonza maukonde. Kutsogolo kwake kunali nyanga ziwiri zachitsulo zonyamulira migolo ndi anangula, ndipo zambiri anazitcha mayina a mitengo ndi zomera, monga Aloe, Ash ndi Cinchona. Cinchona inali pa Pearl Harbor m'mawa umenewo. Amalinyero a sitima zimenezi ankakhalira kupala nkhono ndi ndere pa waya wadzimbiri, manja ali zilonda, ndipo ntchito yawo ikayenda bwino palibe chimene chinkalembedwa, chifukwa palibe chimene chinkachitika.

Wina anganene kuti olemba lipoti anachita bwino kusatchula anthu wamba pa mlandu waukulu chonchi. Pali chilungamo m'menemo, pakuti wotseka chitseko amadikira lamulo. Komabe kusatchulako kwabisanso funso lofunika: pakati pa uthenga wa Ward ndi anthu a pa ukonde, ndani anali ndi udindo wonena kuti tsekani? Bungweli linagwira ntchito mothamanga, pasanathe miyezi iwiri chichitikire chiwembucho, dziko likufuna mayankho, ndipo linayang'ana kwambiri pa akuluakulu awiri aja kusiyana ndi njira imene uthenga unkadutsa.

Palinso manambala awiri amene amachepetsa mphamvu ya nkhani yonse ya chitseko. Pamalo akuya kwambiri khomolo linali mafiti 72, pamene ukonde unkangofika mafiti 45, popeza anaupangira kuletsa mabomba a torpedo. Ngakhale akanautseka pa nthawi yake, pansi pake panatsala mpata wa mafiti 27.